Mabawuti Awiri ndi Dimba la Kumtsinje

Ana anga, makamaka iwe Fanuwelo amene wayamba kuyankhula zopita kwa amfumu kukafunsa za dimba la kumtsinje lija, khala pansi uwerenge kaye mutu uwu. Ndamva kuti ukuuza anzako kuti malemu a Namaona anatilanda dimbalo chifukwa cha nkhanza. Nkhaniyo ukuidziwa theka. Theka linalo ndi langa, ndipo likuyambira pa tayala la galimoto.

1994

Umakaniko ndinauphunzira ku Limbe, pa kagalaja kena kuseri kwa msika, kwa bambo wina wamfupi, wamkamwa, dzina lawo a Jumbe. Bambo amenewo ankadziwa chitsulo. Ankagunditsa sikuludiraiva pa injini, mbali inayo n'kuika kukhutu, basi n'kukuuza chimene chikudwala m'katimo. Zabwino zambiri zimene ndadyetsera banja lino ndinazitenga kwa iwo. Koma ndinatengakonso chimodzi choipa, ndipo ndinachisunga zaka khumi ndi zisanu ndikuchiyesa nzeru. A Jumbe ankati nati ya tayala siinamange ngati siinalire. Ndiye tinali ndi payipi ya madzi yotalika kufika pachifuwa, imene tinkaiveka pa sipanala ya matayala, n'kukwerapo ndi phazi, thupi lonse, mpaka natiyo iti kwiii. Ikalira choncho, a Jumbe ankagwedeza mutu n'kupita kukamwa tiyi.

Titangovotera boma la zipani zambiri, mabungwe anayamba kubwera kuno kwathu ngati awaitana. Ndinamva kuti pulojekiti ina yokumba mijigo ku Phalombe ikufuna makaniko wodziwanso kuyendetsa galimoto. Ndinalemba kalata, anandiyesa pa lole yakufa sitata, ndinailiza, ntchito n'kupezeka. Chaka chomwecho ndinakwatira amayi anu kwa Kaduya, n'kumanga nyumba pamudzi pawo monga amachitira mkamwini aliyense. Mwini mbumba anali a Namaona, malume awo a amayi anu, munthu wosayankhulayankhula, wa chipewa cha mlaza chimene sankachivula kupatula m'tchalitchi. Iwowa ndi amene anandiyendetsa m'mbali mwa mtsinje n'kundilozera dimba ndi ndodo yawo, kuyambira pa mtengo wa mkuyu kukafika pa nthochi. Linali dimba labwino, la dothi lakuda, losauma ngakhale mu Okutobala. Kabichi ndi tomato amene amayi anu ankalima mmenemo ndi amene anakulerani inu awiri oyambanu.

Galaja yathu kuntchito inali chisakasa cha malata asanu ndi atatu ndi dzenje lolowamo munthu pokonza kunsi kwa galimoto. Magalimoto analipo atatu: lole yonyamula mapayipi ndi simenti, pikapu yoyenda, ndi pikapu ina yakufa imene inakhala pamiyala mpaka nkhuku za alonda zinkaikiramo mazira. Yakufayo tinkaitchula kuti sitolo, chifukwa chilichonse chikasowa tinkakagula kumeneko ndi sipanala. Zipangizo zatsopano zinkachokera ku Limbe kamodzi pamwezi, ndipo mvula ikakula, kamodziko kankasanduka kamodzi pa miyezi itatu. Misewu yake mukuidziwa nokha. Chilimwe fumbi ndi magwejegweje, dzinja matope ofika m'zitseko, makamaka kutsikira ku Chilwa kumene kunali midzi yambiri yofuna mijigo.

1996

Chaka chimenechi kunabwera bwana watsopano woyang'anira magalimoto ndi katundu, a Gondwe, a ku Rumphi. Anali wamtali, wowonda, wovala tayi ngakhale dzuwa likuswa mtengo. Ndinene mosabisa kuti sindinawakonde. Ankawerenga makilomita m'buku ngati akuwerenga Baibulo, ndipo anakhazikitsa lamulo loti vuto lililonse la galimoto lizilembedwa m'buku galimotoyo isanatuluke pageti. Sabata yawo yoyamba anandipeza nditakwera pa payipi yanga, ndikudumphadumpha ngati mwana wa pa katungwe. Anaima n'kundifunsa ngati payipi imeneyo si ya pamjigo. Ndinawayankha kuti ndakhala ndikumanga matayala chonchi kuyambira ali pasukulu, ndipo palibe tayala limene linandipitirirapo pamsewu. Sanaseke. Anati bawuti ili ndi malire ake, ukaikoka kwambiri imatanuka, ndipo payipiyo asadzaionenso pa tayala. Ndinati chabwino bwana, n'kukaibisa kuseri kwa mgolo wa oyilo. Mumtima ndinkati munthu wa tayi angandiuze chiyani za chitsulo.

Chodabwitsa n'choti ine ndi a Gondwe tinakwatira nyumba imodzi. Akazi awo, mayi Esinati, anali mchemwali wa amayi anu, poti amayi awo anabadwa bere limodzi. Anakumana kale a Gondwe akugwira ntchito ku Mulanje. Koma iwo sanakhale pachikamwini ngati ine. Pokwatira, abale awo anabwera ndi malowolo monga mwa mwambo wa kwawo, ndipo a Namaona analandira ndi manja awiri poganiza kuti ndi kuthokoza chabe kwa anthu aulemu. Palibe anawafotokozera kuti kumpotoko mkazi akalowoledwa ndiye kuti iye, ana ake, ngakhale manda ake, zonse ndi za kwa mwamuna. A ku Rumphi nawo sanaganize zofunsa, poti kwa iwo zinali zodziwikiratu. Mbali zonse zinabalalika tsiku limenelo zikusekerera, aliyense atamva zake.

Mwana wawo woyamba, wamkazi, anamwalira ali ndi zaka zitatu atapita kutchuthi ku Rumphi, ndipo anaikidwa komweko. Kwa Kaduya anangomva uthenga mwambo utatha kale. A Namaona sanaiwale.

Okutobala 1998

Mayi Esinati anayamba kudwala mvula ikugwa, n'kumangotha pang'onopang'ono. Zaka zimenezo tinkaika anthu sabata ndi sabata, ndipo matenda ake aliyense ankawaona koma palibe ankawatchula. M'malo mwake anthu ankasaka chifukwa china. Tsoka ilo, chaka chapitacho a Gondwe anali atatsegula chigayo pamsika, chikuyenda bwino. Mukudziwa zimene anthu kuno amanena munthu akagula chigayo kenako m'nyumba mwake n'kulowa matenda. Zinkanenedwa chapansipansi, kumjigo ndi kumowa, kuti mpotoyo wakhwimira mkazi wake.

Anamwalira Lachiwiri m'mawa, kunyumba ya amayi awo kwa Kaduya kumene anapita kukadwalira. M'mawa wonse wa Lachitatu unathera pa kukambirana. A Gondwe ndi achimwene awo awiri amene anathamangira kuno ankati thupi lipite ku Rumphi, poti analowola, komanso malemuwo ananena okha kuti akagone pafupi ndi mwana wawo. A Namaona ankati mwana wa mbumba yawo amagona pamene pagona amayi ake ndi agogo ake, ndipo mawu a malemuwo iwo sanawamve ndi khutu lawo. Akuluakulu a mpingo analowererapo, ndipo dzuwa likupendeka a Namaona anavomera, koma kuvomera kwa pakamwa. Anagwirizana kuti tinyamuke Lachinayi m'mawa pa pikapu ya kuntchito, ine ndikuyendetsa, a Namaona ndi amayi awiri a m'banjamo aperekeze.

Masana a Lachitatu lomwelo ndinali ku galaja kukonzekera ulendo. Ndinasintha oyilo, ndinaona mabuleki, ndinathira girizi paliponse. Pofika pa matayala ndinaganiza za kutalika kwa ulendo ndi kulemera kwa katundu, ndiye ndinakatenga payipi yanga kuseri kwa mgolo. Mvetsani bwino apa, sindinachite mwaulesi ayi, ndinkafuna kuchita bwino koposa. Matayala atatu analira bwinobwino. Pa tayala lakumbuyo la kumanzere, nati yachiwiri sinalire. Inafewa pansi pa phazi langa ngati ndaponda nthochi yakupsa. Yotsatira nayo inachita chimodzimodzi, ndipo ina yachitatu sinandisangalatse. Makaniko aliyense amadziwa tanthauzo la kufewa kumeneko, kuti bawuti yatanuka ndipo yatsala pang'ono kuduka. Chofunika chinali kuchotsa tayala ndi kusintha mabawutiwo pomwepo, ntchito ya ola limodzi. Koma ndinali nditatopa, kumaliro ankandidikira, ndipo kulemba m'buku kukanatanthauza kuulula za payipi. Ndinadziuza kuti tayala lili ndi mabawuti asanu ndi limodzi, otsalawo agwira. Komabe mtima sunakhazikike. Ndinapita ku sitolo yathu ija, ndinakhomola mabawuti atatu ndi manati ake, n'kuwaponya m'bokosi la zipangizo kuti zikavuta m'njira ndikasinthe.

Lachinayi tinanyamuka dzuwa litangokwera pang'ono. Kumbuyo kunali bokosi la maliro lomangidwa ndi zingwe, matumba awiri a chimanga, amayi operekeza, achimwene awo a a Gondwe ndi a Namaona. A Gondwe anakhala kutsogolo ndi ine. Anthu a m'mudzi ankatitsatira wapansi akuimba, ine ndikuyendetsa pang'onopang'ono. Titafika pa kamtsinje kouma kaja ka miyala kotulukira m'mudzi, ndinatsika bwino, koma pokwera tsidya linalo ndinamva kuti thwa! Kenako thwa! kachiwiri, ndipo kumbuyo kwa galimoto kunayamba kugwedera uku kukugogoda. Ndinaimitsa. Ndisanatsegule n'chitseko chomwe, ndinali nditadziwa kale chimene ndikapeze.

Manati awiri anali gone mumchenga, iliyonse ili ndi chiduswa cha bawuti m'kati. Otsalawo anali atakhwefuka, tayala litapendama. Nyimbo inadukira pakati. Anthu anatizungulira, ndipo mayi wina wachikulire anangoti, “Akukana.” Mawu amenewo anayenda m'gulu lonse mofulumira kuposa mmene ndingalembere. Amene munakulira kuno mukudziwa kuti galimoto ya maliro ikafa panjira, anthu sayang'ana injini, amayang'ana bokosi. A Namaona anatsika modekha, anakonza chipewa chawo, n'kuyankhula osakweza mawu.

“Mwaona nokha. Galimoto iyi yadutsa pano chaka chonse, lero yadziwa chiyani? Mwana wathu sakufuna kupita. Ndipo munthu akakana chonchi, pali chimene akufuna tidziwe.”

Munthu wina kumbuyo anatchula chigayo. Apo anthu anasiya Chichewa n'kuyamba Chilomwe kuti alendo aja asamve, koma ine ndinkamva zonse, ndipo zimene zinkanenedwazo sindingazilembe m'buku la ana anga. Anyamata a kumanda anayamba kumasula zingwe za bokosi. Ndinayang'ana a Gondwe. Aka kanali koyamba kuwaona opanda tayi, malaya atamangidwa mabatani mophonya. Chilomwe sankachimva, koma nkhope za anthu ankaziona. Bokosi limenelo likanatsika n'kubwerera m'mudzi, sikukanangokhala kusintha manda chabe. Dera lonse likanatsimikiza kuti malemu aloza okha amene anawapha, ndipo munthu ameneyo sakanayendanso pamsika wa kuno ngati munthu.

Ndinanjuta pa tayala. A Namaona anabwera n'kuwerama pafupi ndi khutu langa, n'kundiuza m'Chilomwe kuti ndisadzivute, ndingonena kuti galimotoyi singakonzeke lero, zinazo asamala okha. Anawonjeza kuti ndine mkamwini wawo wabwino, sanandionepo vuto. Asanachoke n'komwe, a Gondwe anafika mbali inayo.

“A Dayisoni, galimotoyi dzulo munaiona?”

“Ndinaiona, bwana.”

“Inali bwino?”

Ndikanati inali bwino, nkhani ikanathera pomwepo, ntchito yanga ili bwino, pamudzi pali bwino, mlandu wonse n'kupita kwa munthu wakufa ndi kwa mwamuna wake. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anandiona ndi payipi dzulo lake. Sindikunamizeni kuti ndinalimba mtima nthawi yomweyo. Ndinangoti andilole ndichotse kaye tayala ndione, ndipo ndinapempha kuti anthu atsike koma bokosi lisatsike, jeke anyamula. Zoona zake n'zoti ndinkagula nthawi yoti ndiganize.

Ndinatchinga matayala ena ndi miyala, ndinapeza mwala wafulati woikapo jeke kuti asamire mumchenga, n'kukweza. Tayala linachoka. Dramu ya mabuleki inali itakakamira ndi dzimbiri, ndinaigogoda mozungulira ndi hamala mpaka inasiya. Apo habu inaonekera, chitsulo chozungulira chija chimene tayala limamangidwapo, zitsa ziwiri za mabawuti zili tong'o. Bawuti ya tayala siimasulidwa ngati ya pachitseko. Imalowera chakumbuyo, ndipo pakhosi pake pali timano timene timaluma m'bowo la habu. Ikaduka, umaikhoma kuti ibwerere kumene inalowera. Mayi wina wa nyumba yapafupi anandipatsa palafini wa m'koloboyi, ndinadonthezera pa zitsazo kuti dzimbiri lifewe. Ndinazunguza habu mpaka chitsa choyamba chinayang'anizana ndi mpata wa kumbuyo, ndinaika panchi, kachitsulo kokhomolera, pakati pake, n'kumenya. Kachinayi chinagwera mumchenga.

Chachiwiri chinakana. Ndinamenya, ndinamenya, thukuta likulowa m'maso, koma mutu wake unkangophwanyika n'kumafutukuka ngati bowa, ndipo ukatero sungadutsenso pabowo. Kumbuyo kwanga ndinamva wina akuti ngakhale chitsulo chomwe chikukana. Ndinatenga tupa n'kupala zofutukukazo mpaka chitsa chinawongoka. Vuto lina linali loti habu inkanjanja ndikamenya, mphamvu ya hamala n'kumatayika, komanso ndinkaopa kuwononga mabering'i. Panafunika munthu woti agwirize chitsulo cholemera kuseri kwa habu, pafupi ndi bowolo. Ndinapempha kawiri. Amuna onse aja anangoyang'ana kumbali, poti palibe ankafuna kuoneka ngati akukakamiza maliro. Amene anagwada m'fumbi ndi a Gondwe. Ndinawapatsa hamala yaikulu, ndinawaonetsa pogwiriza, ndipo anagwira ndi manja onse awiri, mutu wawo uli pafupi ndi wanga, pamwamba pathu pali bokosi la akazi awo. Ndinkamva mmene ankapumira. Ndinamenya kamodzi, kawiri, kachitatu chitsa chinasuntha, kachisanu chinatuluka n'kugwera pa bondo lawo.

Ndinachitola, ndinatolanso nati yake mumchenga, n'kuzilumikiza pamene zinadukira. Chilichonse chinali poyera. Pakati pa bawuti panali patawonda, mazinga ake atatalikirana chifukwa chokokedwa, ndipo podukapo panali popotoka, powala. Bawuti yotha ndi ukalamba imaduka mosiyana, pamakhala mng'alu wakale wakuda. Iyi inali yophedwa ndi munthu, ndipo munthuyo ndinali ine. A Gondwe anatambasula dzanja kuti andipatsire sipanala m'bokosi la zipangizo, ndipo anaona mabawuti atatu aja ali pamwamba. Anawayang'ana, anandiyang'ana, osanena kanthu. Ndikukhulupirira kuti akanakhala chete mpaka kalekale, chifukwa tsiku limenelo analibe mphamvu yokangana ndi munthu. Kukhala chete kwawoko n'kumene kunandichititsa manyazi kuposa china chilichonse.

Ndinaimirira ndipo ndinayankhula m'Chichewa kuti alendo aja amve nawo.

“Malume, ndi inu nonse, malemuwa sanakane kanthu. Mabawutiwa ndadula ndine. Dzulo ndinawamanga ndi payipi, chinthu chimene abwanawa anandiletsa kalekale. Ndinamva akufewa, ndinadziwa kuti aduka, koma sindinasinthe ndipo sindinauze munthu.”

Wina anati ndikungoikira kumbuyo bwana wanga poopa ntchito. Ndiye ndinatulutsa mabawuti atatu aja n'kuwaika m'dzanja la a Namaona pamodzi ndi yodukayo. Ndinawaonetsa pamene panawonda. Ndinawafunsa ngati munthu wosadziwa kanthu amanyamuliratu mabawuti atatu a tayala paulendo. Anawatembenuza m'manja nthawi yaitali. A Namaona anali munthu wouma mtima, koma sanali wabodza, ndipo chinthu akachiona ndi maso sankachikana.

“Ndiye ukuti mwana wanga wagwedezeka m'bokosi muja chifukwa cha iwe?”

“Eya, malume.”

“Ndipo wandisiya ine ndiyankhule zonse zija pagulu, iwe ukudziwa?”

Anandibwezera mabawutiwo, anatembenuka n'kuuza anyamata aja kuti amangenso zingwe. Kwa ine anangoti tikambirana tikabwerako. Ndinaponya maso kumene kunaima amayi ndipo ndinaona amayi anu ataphimba nkhope ndi chitenje.

Kuika mabawuti atsopano sikunavute. Ndinachotsanso yachitatu ija imene sinandisangalatse. Iliyonse ndinkailowetsa chakumbuyo, kutsogolo n'kuveka mawashala angapo, kenako nati, n'kumanga pang'onopang'ono kuti natiyo izikoka bawuti mpaka mutu wake ukhale pansi. Ndinabwezera dramu ndi tayala, ndipo manati ndinawamanga modumphitsa, iyi kenako ya tsidya lake, ndi sipanala yokha ndi mphamvu ya mkono. Palibe inalira. Tinanyamuka dzuwa lili paliwombo, ndipo nyimbo imene anaimba potiperekeza inali yozizira. Njira yonse ndinkaima pafupipafupi kukagwira manati aja, ndipo sanasunthe. Tinafika ku Rumphi tsiku lotsatira. Manda anali atakumbidwa kale, moyandikana ndi kamanda kakang'ono kozunguliridwa ndi njerwa zopaka laimu. A Namaona anaima pa kamandako nthawi yaitali, chipewa chili m'manja. Ulendo wonse, popita ndi pobwera, sanandiyankhule.

Novembala 1998

A Gondwe atabwerera kuntchito, tayi ili pakhosi ngati kale, anandiitanitsa mu ofesi. Pa tebulo panali kalata ya chenjezo, yotayipidwa bwino, yonena kuti ndinagwiritsa ntchito chida choletsedwa ndiponso ndinatulutsa galimoto ndikudziwa kuti ili ndi vuto. Anaiwerenga yonse mokweza, osadumpha liwu. Anandiuzanso kuti dzina langa lachotsedwa pa udindo wa ufolomani umene ndinkayembekezera kumayambiriro kwa chaka. Magazi anandiwira, ndinene zoona. Mumtima ndinkati munthu uyu ndamuchotsa m'kamwa mwa anthu, lero akundilembera kalata? Koma zonse zimene zinalembedwamo zinali zoona, ndiye ndinasaina. Nditafika pachitseko anandiitana ndi dzina. Anazungulira tebulo, anagwira dzanja langa ndi manja awo onse awiri monga anagwirira hamala ija, n'kundithokoza m'chiyankhulo cha kwawo kuti, “Yewo, adada.” Sanawonjezere china, ndipo nkhaniyi sitinaikambenso mpaka pamene anasamutsidwa patatha zaka ziwiri.

Kumudzi kukambirana kuja sikunachitike. Mvula yoyamba itagwa, a Namaona anangotuma mawu kwa amayi anu kuti dimba la kumtsinje likufunika, alimamo ana a mchemwali wawo wina. Sanatchule za maliro, ndipo panalibe chifukwa chotchulira. Mkamwini anali atawachititsa manyazi pamaso pa mudzi wonse ndi alendo, ndipo anawalola kutchula munthu ufiti iye akudziwa zoona zake. Amayi anu anakazula tomato wosakhwima n'kubwera naye m'dengu. Sanandinyoze, sanandifunse, koma kwa milungu ingapo mawu awo kwa ine anali oti madzi osamba ali kubafa, basi. Ndinkaganiza kuti akwiya chifukwa cha dimba, ndipo ndinkawamvetsa. Kuyambira chaka chimenecho masamba tinkagula kumsika ngati anthu a m'tauni. Payipi ija ndinabwera nayo kunyumba, ndi yomwe mumapingira chitseko cha khola la mbuzi.

2006

A Namaona anamwalira chaka chimenechi, patatsala zaka ziwiri kuti ndipume pantchito. Ndinawanyamula ndine kuchokera kuchipatala pa pikapu ina yatsopano, ndipo sinavute panjira. M'zaka zawo zomaliza tinkapatsana moni bwinobwino, ankabwera ndi njinga yawo kuti ndiwakonzere, koma za dimba sanatchule, inenso sindinapemphe.

Titachoka kumanda, ine ndi amayi anu tinadzera njira ya kumtsinje. Tinadutsa pa mkuyu paja, dimba lili biriwiri ndi kabichi wa eni ake. Ndinanena mwanthabwala kuti akanakhala kuti anakwatiwa ndi makaniko wodziwa kutseka pakamwa, bwenzi pano akukolola. Amayi anu anaima. Anandiuza kuti sabata yomaliza ya mayi Esinati, iwo ndi amene ankawasambitsa ndi kuwamwetsa phala, ndipo tsiku lina malemuwo anawagwira dzanja n'kuwauza kuti akadzapita, akawagoneke ku Rumphi pafupi ndi mwana wawo, asamusiye yekha kuchilendo. Anawauza kawiri. Lachitatu lija akuluakulu akukangana, amayi anu anali khale pakhonde akumva malume awo akunena kuti mawuwo palibe anawamva, koma anaopa kutsegula pakamwa. Pa kamtsinje paja anthu akuti malemu akukana, anaopanso.

“Sindinkakwiyira inu,” anatero. “Inu munachedwa kuyankhula ndi ola limodzi. Ine ndachedwa ndi zaka zisanu ndi zitatu.”

Aka n'koyamba kuti mawu amenewa atuluke m'nyumba muno. Ndawafunsa amayi anu ndisanalembe, ndipo avomera.

Ndiye Fanuwelo, kwa amfumu usapiteko. Anthu amene akulima m'dimba muja ndi abale ako, sanabe kanthu, ndipo a Namaona anali ndi chifukwa chawo. Dimbalo ndinalitaya ndine, Lachitatu masana, nditakwera pa payipi. Ukafuna kabichi, pita ukagule kwa iwo, ndipo ukawapatse moni.